MATENDA A SICKLE CELL: MWANA AMATENGERA KWA BAMBO NDI MAI OMWE

Wolemba Mtolankhani Wathu, Kafue

M'komboni ya Nangongwe, m'tauni ya Kafue, mumakhala anthu a mitundu yambiri. Muli Atonga ndi Asoli amene makolo ao anali m'madera oyandikana ndi kuno kuyambira kale, muli Acewa, Ansenga ndi Angoni ocokera kum'mawa, ndiponso Abemba ndi Alozi. Ambiri anafika m'zaka za m'ma 1970 kudzafuna nchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles imene inali kugwira nchito masiku amenewo, pamene ena anatsata nsomba za mumtsinje wa Kafue. Ana ao anakwatirana, ndipo lero adzukulu ao ndiwo akubereka.

M'mabanja ena a kuno, monganso m'midzi yambiri ya m'dziko muno, mumabadwa mwana amene miyezi yoyamba aoneka wabwino-bwino, koma akakwana miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirirapo ayamba kutupa manja ndi mapazi, kulira usiku wonse, kuyera m'maso ndi m'zikhato, ndi kutentha thupi kawiri-kawiri. Akagonekedwa m'cipatala apeza bwino, koma posacedwa abwereranso. Banja lina limaika m'manda ana awiri kapena atatu mwa njira yomweyi. Pamenepo milandu imabuka. Akucimuna amati matendawo ali ku mtundu wa mkazi, ena amati mwana anasemphedwa cifukwa mmodzi wa makolo sanadzisunge, enanso amaloza cala nkhalamba ya pamudzi kuti ndiyo mfiti. Maukwati ambiri atha cifukwa ca mau otere.

Kawiri-kawiri mwana wotereyu amakhala ndi matenda a m'magazi ochedwa sickle cell. Akatswiri ofufuza za cibadwa ca munthu ndi za citetezo ca m'thupi akhala akuwalondola matendawa kwa zaka zoposa 100, ndipo zina mwa zoyamba kudziwika zinaonekera m'Zambia momwe muno. Zimene apeza, makamaka m'zaka zaposacedwapa, ziyenera kumveka m'nyumba iriyonse.

MAGAZI OPINDIKA NGATI CIKWAKWA

M'magazi a munthu muli tinthu tating'ono kwambiri tofiira, tosaoneka ndi maso, timene madotolo amaticha maselo ofiira. Nchito yao ndiyo kunyamula mpweya wabwino kucokera m'mapapo kupita ku ziwalo zonse. Mwa munthu wabwino maselo amenewa ndi obulungira ndi ofewa, kotero kuti amadutsa mosabvuta ngakhale m'timitsempha tocepetsetsa. Selo limodzi limakhala ndi moyo masiku pafupi-fupi 120.

Mwa munthu wodwala sickle cell, maselo ofiira akatula mpweya amauma ndi kupindika ngati cikwakwa comwetera udzu, ndipo liu la Cingerezi lakuti sickle litanthauza cikwakwa. Maselo opindikawo amakodwa m'timitsempha ndi kutseka njira ya magazi. Pamalo potsekekapo pamawawa koopsya, makamaka m'mafupa, pamsana, pacifuwa ndi m'mimba. Ndiponso maselowo sakhalitsa, amafa patangopita masiku 10 kapena 20, ndiye cifukwa cace mwana amacepa magazi ndipo maso ace amasanduka acikasu.

Dotolo woyamba kulemba za maselo opindika anali James Herrick wa ku Chicago, m'caka ca 1910, atapima magazi a mnyamata wocokera ku cilumba ca Grenada. M'caka ca 1949 Linus Pauling ndi anzace anaonetsa kuti cobvuta ciri mu himogulobini, cinthu cimene cimafiiritsa magazi ndi kugwira mpweya. Pofika 1957 Vernon Ingram wa ku Cambridge anapeza kuti kusiyana kwace ndi kwakung'ono zedi: pa mkanda wa tizigawo 146 topanga mbali imodzi ya himogulobini, kacigawo kamodzi kokha ndiko kanasinthika.

MBEU ZIWIRI, IMODZI KWA KHOLO LIRI LONSE

Munthu aliyense amalandira kwa makolo ace timbeu ta cibadwa timene timalamula khungu lace, msinkhu wace, mtundu wa magazi ace ndi zina zambiri. Ophunzira amaticha majini, koma awerengi asasokoneze liuli ndi majini a mizimu, pakuti palibe cibale pakati pace. Pa cinthu ciri conse munthu amalandira mbeu ziwiri, imodzi kwa bambo ndi ina kwa mai.

Mbeu ya magazi abwino madotolo amailemba ndi cilembo ca A, ndipo mbeu yopinda maselo amailemba S. Munthu wa AA alibe mbeu ya matendawa. Munthu wa AS ali ndi mbeu imodzi yokha; iyeyu sadwala sickle cell, amalima, amasodza ndi kubereka monga wina aliyense, ndipo angathe kukalamba osadziwa kuti anainyamula. Wodwala ndi uja wa SS, amene analandira S kwa bambo wace ndi S inanso kwa mai wace. Paja akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Mai yekha sangathe kupatsa mwana matenda a SS, ndipo bambo yekha sangathenso.

Tiyerekeze kuti bambo ali ndi kathumba mmene muli nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira, ndipo mai alinso ndi kathumba kotero. Pa mimba iri yonse mwana atola nyemba imodzi m'kathumba ka bambo ndi imodzi m'kathumba ka mai mosayang'ana, ndipo nyembazo zibwereranso m'matumba kudikira mimba yotsatira. Mwa njira zinai zimene zingacitike, imodzi ndi yoyera ziwiri, ziwiri ndi yoyera ndi yofiira, ndipo imodzi ndi yofiira ziwiri. Motero makolo onse akakhala a AS, mimba iri yonse iri ndi mpata umodzi mwa inai wakuti mwana adzakhala wa SS. Sikuti mwana wacinai ndiye amadwala ai. Banja lina libereka ana asanu ndi mmodzi popanda wodwala, pamene lina libereka odwala atatu motsatizana.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuzindikira lamulo limeneli anali dotolo wa Boma wa m'dziko lino, E. A. Beet, pa nthawi imene Zambia inali kuchedwa Northern Rhodesia. M'caka ca 1946 iye analemba za anthu amene anawapima ku boma la Balovale, lomwe tsopano ndi Zambezi, ndipo anaona kuti tizirombo ta malungo sitinali kupezeka kawiri-kawiri m'magazi a anthu onyamula mbeu ya S poyerekeza ndi anzao. M'caka ca 1949, atalondola magazi a makolo ndi ana m'mabanja a kuno, anafotokoza kuti mwana wodwala ndi uja walandira mbeu kwa makolo onse awiri. Caka comweco James Neel wa ku America anapezanso zomwezo payekha.

CIFUKWA CACE MBEUYI SIINATHE

Wina angafunse kuti, ngati mbeu imeneyi inali kupha ana asanakule kuti abereke ao, nanga bwanji siinazimirike kale-kale? Kufufuza kosiyana-siyana kwa m'Zambia kwakhala kuonetsa kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa asanu kapena asanu ndi mmodzi ali ndi mbeu imodzi ya S, ndipo imapezeka kwambiri m'zigawo za kumpoto kumene malungo ali oculuka. Yankho liri pa udzudzu.

M'caka ca 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa poyera kuti anthu a AS sagwidwa ndi malungo kwambiri monga anzao a AA. Kufufuza kwa pakati pa ana a ku Kilifi, m'mbali mwa nyanja ku Kenya, kumene kunafalitsidwa mu 2005, kunapeza kuti mbeu imodzi ya S imacepetsa ngozi ya malungo akulu, aja okomola ndi otha magazi, ndi magawo pafupi-fupi 90 pa 100 ali onse. Akatswiri akhulupirira kuti kacirombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira la munthu wa AS sikakula bwino, ndipo selolo limapindika msanga kotero kuti thupi limalizindikira ndi kulicotsa pamodzi ndi mdani ali m'kati mwace.

Cotero m'maiko a udzudzu, monga m'madambo a mtsinje wa Kafue, m'cigwa ca Luangwa ndi m'mbali mwa Luapula, ana a AS anali kupulumuka malungo amene anali kupha abale ao, nakula, nabereka, napitiriza mbeuyo. Banja limene liri ndi mbeu ya S ndi mbumba ya anthu amene anapulumuka malungo mibadwo yambiri. Mtengo wowawa wa cipulumutso cimeneci amalipira ndi ana aja olandira mbeu ziwiri, cifukwa iwo malungo akawagwira amawathera magazi mofulumira ndipo angathe kufa nao.

M'caka ca 2018 Daniel Shriner ndi Charles Rotimi, wobadwira ku Nigeria, atapenda cibadwa ca anthu pafupi-fupi 3,000, ananena kuti mbeu ya S inayambira mwa munthu mmodzi yekha amene anakhala mu Africa zaka ngati 7,300 zapitazo, pa nthawi imene cipululu ca Sahara cinali ndi udzu, mitsinje ndi nyanja. Akatswiri ena amati inayamba kale kuposa pamenepo, koma ambiri tsopano abvomerezana kuti gwero lace ndi limodzi. Pamene makolo a anthu olankhula zinenero za Cibantu anali kusamuka kucokera ku madera a Cameroon ndi Nigeria kulinga kum'mwera ndi kum'mawa, anainyamula m'magazi mwao.

Ulendo umenewo unadzera kuno. Mu October 2020 gulu la akatswiri a mu Africa lochedwa H3Africa linafalitsa zimene linapeza litawerenga cibadwa conse ca anthu 426 a mitundu 50 ocokera m'maiko 13, ndipo ena mwa iwo anali a m'Zambia. Anapeza kusiyana kwa cibadwa koposa mamiliyoni atatu kumene kunali kosadziwika ndi kale lonse, anapeza zizindikiro zakuti matenda a mavairasi anasiya mapazi ao pa timbeu toyang'anira citetezo ca m'thupi, ndiponso anaona kuti dziko la Zambia liyenera kuti linali mphambano pamene makolo a Abantu anadutsa asanagawikane kupita kum'mawa ndi kum'mwera. Amene amati matendawa ndi a mtundu wakuti-wakuti adziwe kuti mitundu yathu yonse inamwa pa citsime cimodzi.

Nkhondo ya munthu ndi malungo ikali m'kati. Kumapeto kwa 2021 Gavin Band wa ku Oxford ndi anzace, atapima ana oposa 3,000 odwala malungo akulu ku Gambia ndi ku Kenya, anapeza kuti mitundu ina ya tizirombo ta malungo yasintha cibadwa cace m'malo atatu, ndipo imeneyo imatha kudwalitsa ngakhale ana onyamula mbeu ya S. Nalonso thupi la munthu liri ndi zida zina. Kum'mawa kwa Africa kuli mtundu wa magazi wochedwa Dantu umene umacepetsa malungo akulu ndi magawo ngati 40 pa 100, ndipo mu 2020 Silvia Kariuki wa ku Kilifi ndi anzace anaonetsa kuti khungu la maselo ofiira a Dantu ndi lokungika ngati cikumba ca ng'oma, kotero kuti kacirombo kamalephera kuboola. Zonsezi zitiphunzitsa kuti munthu wa AS nayenso ayenera kugona m'neti ndi kupimitsa magazi akamva malungo.

KAPAMBA, MLONDA WA MWANA

Kwa zaka zambiri anthu anali kuganiza kuti copha ana a sickle cell ndi kucepa kwa magazi kokha. Ofufuza za citetezo ca m'thupi anadzapeza mdani wina wobisika. Kumanzere kwa mimba, kunsi kwa nthiti, kuli kapamba. Kapamba amasefa magazi monga mmene sefa imasefera ufa, amagwira tizirombo tolowa m'magazi, ndiponso ndi malo amene asilikali a m'thupi amaphunzirira kumdziwa mdani. Mwa mwana wa SS maselo opindika amatseka timitsempha ta kapamba kambiri-mbiri, ndipo nthawi zambiri kapambayo amayamba kufooka mwana asanakwane ndi caka comwe.

Mlonda akagona, tizirombo toyambitsa cibayo ndi matenda oumitsa khosi timalowa m'magazi ndi kuswana popanda wotiletsa. Mwana amene m'mawa anali kusewera angathe kutentha thupi masana ndi kumwalira usiku womwewo. Imfa yadzidzidzi yotere ndiyo imalimbitsa mphekesera za ufiti pamudzi. Nthawi zinanso magazi oculuka amakodwa m'kapamba mwadzidzidzi, mimba imatupa kumanzere, mwana amayera ndi kulefuka. Kutema mphini pa cotupaco kumangotayitsa nthawi ndi magazi amene acepa kale. Mwana wotere afunika kuonjezedwa magazi ku cipatala tsiku lomwelo.

Cidziwitso cimeneci cinabala cithandizo cosadula. M'caka ca 1986 Marilyn Gaston ndi anzace ku America anaonetsa kuti kumwetsa ana a SS mankhwala a penisilini kawiri pa tsiku kumacepetsa matenda oopsya a tizirombo ta cibayo ndi magawo 84 pa 100. Zotsatira zace zinali zoonekeratu kotero kuti kufufuzako anakuimitsa nthawi isanakwane, kuti ana onse alandire mankhwalawo. Kuyambira pamenepo madotolo amalangiza kuti mwana wa SS ayambe penisilini ali ndi miyezi iwiri kapena itatu kufikira atakwana zaka zisanu. Kuno ku Zambia, Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemera wa cibayo kwa makanda onse m'caka ca 2013, ndipo kwa mwana wa SS katemera ameneyu ndi wofunika koposa.

CINSINSI CA MAGAZI A UKHANDA

Nanga n'cifukwa ninji mwana wa SS amaoneka wabwino miyezi yoyamba? Dotolo wa ana Janet Watson wa ku New York anayankha funsoli mu 1948. Mwana akali m'mimba amakhala ndi himogulobini ya mtundu wina, imene tingaiche ya ukhanda, ndipo imeneyi siipinda maselo. Mwana akabadwa thupi limazimitsa pang'ono-pang'ono himogulobini ya ukhanda ndi kuyatsa ya ukulu, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi matenda amayamba kuonekera. Anthu ena a SS amapitiriza kupanga himogulobini ya ukhanda yoculukirapo moyo wao wonse, ndipo iwowa sadwala kwambiri.

M'zaka za 2007 ndi 2008 akatswiri a ku London, ku Sardinia ndi ku Boston anapeza kambeu ka cibadwa kochedwa BCL11A kamene kali ngati dzanja lozimitsa himogulobini ya ukhanda. Mu 2014 kufufuza kwa pakati pa odwala a pa cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam, kumene Julie Makani anasonkhanitsa limodzi la magulu akulu koposa a odwala sickle cell olondoledwa mu Africa, kunatsimikiza kuti kambeu komweko kamagwira nchito yomweyo mwa anthu a kuno kwathu.

Pali mankhwala akumwa ochedwa hydroxyurea amene amadzutsanso himogulobini ya ukhanda. Kwa nthawi yaitali madotolo anali kuopa kuwapereka kwa ana a mu Africa, poganiza kuti angafooketse citetezo cao pakati pa malungo ndi kuperewera kwa zakudya. Kufufuza kochedwa REACH, kumene kunacitika ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda pa ana 606 ndi kufalitsidwa kumayambiriro kwa 2019, kunacotsa mantha amenewo. Ana omwa mankhwalawa anacepa kumva zowawa, anacepa kuonjezedwa magazi, imfa zinacepa, ndipo cimene cinadabwitsa ambiri n'cakuti malungo omwe anatsika ndi theka. Mankhwalawa amaperekedwa ndi dotolo yekha, amene amapima magazi a mwana nthawi ndi nthawi kuti aone muyeso woyenera.

Kupezeka kwa BCL11A kunatsegulanso khomo lina. Mu 2012 Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna anafotokoza njira yodulira cibadwa pamalo eni-eni ofunika, yochedwa CRISPR, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2020. Ndi njira imeneyi madotolo amatenga maselo obala magazi ocokera m'mafuta a m'mafupa a wodwala, amafooketsa dzanja lija lozimitsa, ndi kubwezera maselowo m'thupi kuti apangenso himogulobini ya ukhanda. Cithandizo cimeneci, cochedwa Casgevy, cinaloledwa ku Britain mu November 2023 ndi ku America mu December caka comweco. Ambiri mwa amene anacilandira pa kuyesedwa kwace analeka kumva zowawa zija. Koma mtengo umene unalengezedwa ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu opha mafuta a m'mafupa akale ndi kugona m'cipatala masabata ambiri. Kuwerengera kwa dziko lonse kunaonetsa kuti mu 2021 munabadwa ana pafupi-fupi 515,000 a matendawa, ndipo anai mwa asanu ali onse anabadwira mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Kwa ana amenewa, opulumutsa moyo lero akali kupima msanga, penisilini, katemera, neti ndi hydroxyurea.

KUPIMA MAKANDA M'ZAMBIA

Mankhwala onsewa amathandiza ngati matenda adziwika mwana asanayambe kudwala. Dontho limodzi la magazi lotengedwa ku cidendene ca khanda ndi lokwanira kuonetsa ngati ali wa AA, AS kapena SS. M'caka ca 2021 dziko la Zambia linayamba nchito yopima makanda motere, mogwirizana ndi bungwe la akatswiri a magazi la American Society of Hematology, kuyambira pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital mu Lusaka ndi pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola. Kucokera ku Kafue kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupi-fupi 45. Kholo la ku Nangongwe limene likukayika za mwana wace liyambe lafotokoza kwa anamwino pa kiliniki ya m'komboni momwemo kapena pa cipatala ca Kafue, ndipo iwo adzalilangiza kumene magazi angapimidwe. Wa kumudzi ayambire pa kiliniki imene iri pafupi naye.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Makolo ayenera kupempha kuti mwana apimidwe ngati atupa manja ndi mapazi akali khanda, ngati acepa magazi kawiri-kawiri, ngati maso ace ndi acikasu, ngati adandaula kuwawa kwa mafupa kobwereza-bwereza, kapena ngati m'banjamo munamwalira kale mwana wa zizindikiro zotere. Mwana mmodzi akapezeka ndi SS, abale ace onse a mimba imodzi apimidwe.

Mwana wodziwika kuti ndi wa SS akatentha thupi, apite ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo wompereka anene kwa anamwino kuti mwanayu ali ndi sickle cell. Cimodzi-modzinso ngati apuma mobvutika, ngati mimba yatupa mwadzidzidzi, ngati wayera kwambiri, kapena ngati dzanja, mwendo kapena mbali ya nkhope yalefuka, pakuti matendawa amapha ziwalo ngakhale za ana aang'ono. Masiku onse amwe madzi ambiri, afunditsidwe bwino m'miyezi yozizira ya June ndi July, asasambe m'madzi ozizira a mumtsinje kapena kunyowa ndi mvula nthawi yaitali, agone m'neti, alandire katemera yense wa kusikelo, ndipo asadumphitse mankhwala ace. Aphunzitsi auzidwe za matendawa kuti amlole kumwa madzi ndi kuturuka panja akafuna, ndi kuti asamuyese waulesi akajomba. Ndi cisamaliro cotere ana ambiri a SS amakula, amatsiriza sukulu, amagwira nchito ndi kumanga mabanja ao.

Kwa anyamata ndi atsikana amene ali pa citomero, ndi nzeru kupimitsa magazi onse awiri cikwati cisanacitike. Safunsa anadya phula. Onse akapezeka a AS palibe lamulo lowaletsa kukwatirana, koma alowe m'banja akudziwa, ndipo mwana aliyense amene adzabadwa apimidwe akali khanda. Wa AS akakwatirana ndi wa AA sangabereke mwana wa SS. Ici ndico cifukwa cace mwamuna wina akasiya mkazi ndi kukwatira kwina amabereka ana osadwala, nayamba kunyada kuti mlandu unali wa mkazi woyamba, cikhalireco mbeu ya S ikali m'magazi mwace ndipo adzaipatsira ana ace ena.

Ankhoswe, mafumu, alangizi ndi akulu a mipingo ndiwo amayamba kumva milandu imeneyi isanafike ku khoti. Banja likabwera ndi dandaulo lakuti ana angofa kapena angodwala-dwala, asanaweruze za tsempho kapena za ufiti, ayambe atumiza bambo, mai ndi ana ku cipatala kukapimitsa magazi. Pepala locokera kumeneko lidzaonetsa zilembo za munthu aliyense, ndipo ngati mwana ali wa SS lidzaonetsa S kwa bambo ndi S kwa mai. Tsiku la 19 June caka ciri conse linapatulidwa ndi bungwe la United Nations kuti likhale lokumbukira matendawa, ndipo ndi nthawi yabwino yakuti atsogoleri a m'midzi ndi m'makomboni aitane anamwino kudzafotokozera anthu ao nkhani imeneyi.